Musawabalalitse ana akamasewera masanje, zimene ndaona ku mkombaphala

Makolo ambiri akabwera kudzatenga ana ku mkombaphala kwathu funso limakhala limodzi lomwelo, lero mwaphunzira chani? Akufuna mwana anene a e i o u, awerenge mpaka teni, atchule masiku a sabata pachingelezi. Sindikutsutsa ayi, zimenezo timaphunzitsadi. Koma ine ndalera ana a zaka zitatu mpaka zisanu kwa nthawi yaitali ndithu kuno mbali ya Soche ku Blantyre, ndipo chimene chimandisowetsa tulo si kuwerenga, ndi mwana amene amamenya mnzake, mnzakeyo akulira iye nkumangomuyang'ana, pena kuseka kumene. Nde ndati ndilembe zimene zandithandiza pa ana oterewa, mwina zithandiza alezi anzanga komanso makolo kunyumba, chifukwa sizifuna ndalama ndipo tonse tinazichitapo tili ana.

Tiyambe ndi nkhani ya "pepesa". Mwana akalanda mnzake chidole kapena kumukankha timati pepesa msanga, iye nkunena pepa uku akuyang'ana kumbali, ife nkuona ngati nkhani yatha. Koma mawu aja angotuluka chifukwa akuopa ife, mumtima sanamve kanthu, pakapita kanthawi wabwerezanso. Ndipo sikuti mwanayo ndi woipa mtima ayi. Wa zaka zitatu mutu wake sunafike pozindikira bwinobwino kuti zimene zili mumtima mwa mnzake nzosiyana ndi zake. Mukafuna kuona nokha yesani izi kunyumba, tengani bokosi la machesi, chotsani machesiwo muikemo timiyala, mufunseni mwana kuti muli chani umu, anena kuti machesi, mutsegulireni aone timiyala kenako mutseke. Ndiye mufunseni kuti adadi ako akabwera madzulo tikawaonetsa bokosili aziganiza kuti muli chani? Wa zaka zitatu nthawi zambiri amati timiyala, chifukwa kwa iye zimene wadziwa iyeyo ndiye kuti aliyense wadziwa. Wa zaka zinayi kapena zisanu amayamba waseka nkunena kuti aziti machesi, tiwapusitsa. Akatswiri awiri a ku Austria, Heinz Wimmer ndi Josef Perner, ndi amene anatchukitsa mayeso amtunduwu mu 1983, iwowo ankagwiritsa ntchito kankhani ka mnyamata wosunga chokoleti, ndipo zinaoneka kuti kusinthaku kumabwera mwana akamafika zaka zinayi.

Koma mtima wachifundo umayamba kale kusanafike apa. Wa zaka ziwiri akaona mnzake akulira amatha kukakoka mayi ake a iyeyo kuti adzatonthoze, ngakhale mayi a wolirayo ali pompo, kapena kumupatsa kansalu kake kamene iye amagona nako. Kufuna kuthandiza kulipo, chimene chikusowa nkudziwa chimene mnzakeyo akufuna. Ndiye mwana amafunika mpata woti akhaleko munthu wina kwa kanthawi, amve mmene zimamvekera, ndipo malo amene mwana amalola kukhala munthu wina popanda kumukakamiza ndi pamasanje.

Ine ndinakulira kumudzi ku Ntcheu. Tikatha kukolola cha mu Juni ndi Julaye, minda ili mapesi okhaokha, tinkamanga tinyumba ta mapesi, kukunkha chimanga chotsalira, kupempha kaufa ndi kamchere kwa amayi, nkumaphika zenizeni pa mafuwa m'timiphika tobenthuka timene akuluakulu anasiya. Anyamata ankapita kukakumba mbewa nkubwera monyada kuti ndiwo izi. Panali amayi, abambo, ana, pena agogo ndi amfumu, ndipo panali fisi, amene ntchito yake inali kudikira nsima ipse nkubwera mozemba kudzaba, ife nkumuthamangitsa ndi timitengo uku tikukuwa. Zinali zosangalatsa kwabasi. Koma pali chinthu chimene ambiri tikamakamba za masanje mwachisangalalo sititchula, fisi sankasankhidwa mwachilungamo. Ankakhala yemwe uja tsiku lililonse, wamng'ono kwambiri, kapena wobwera m'mudzimo, kapena amene kwawo kunalibe ufa woti abwere nawo. Ndiye masanje paokha akhoza kuphunzitsa chifundo, akhozanso kuphunzitsa kuti pali anthu ena amene malo awo ndi kunja. Zimatengera amene wapatsidwa udindo uti, ndipo apa mpamene munthu wamkulu amafunika kutsegula maso.

Ku mkombaphala ndi chimodzimodzi, ngakhale kuno kutauni kulibe mapesi timagwiritsa makatoni ndi zitenje zakale. Mukaonetsetsa kwa masiku angapo mupeza kuti pali kamtsikana kamene nthawi zonse ndi amayi, kamagawa maudindo, iwe ndiwe mwana, iwe ndiwe wantchito, iwe ndiwe galu. Ndipo galu kapena wakuba kapena fisi amakhala mwana wofatsa uja amene sakana. Tinali nako kamtsikana kotere, kanzeru kwambiri, kolankhula, koma kouma mtima kwa anzake ofooka. Ndinayamba kachitidwe koti maudindo tizitola, ndimaika zitsekero za mabotolo m'kachitini, chofiira ndi amayi, chobiriwira ndi abambo, chakuda ndi fisi, aliyense atole osayang'ana. Tsiku limene iye anatola chakuda anakana, anati ine sindingakhale fisi. Ndinangomuuza kuti dzulo mnzako anali fisi ndipo mawa titolanso. Anapita kukaima kuseri kwa katoni nkhope itagwa, anzake mkati akuphika mchenga akuseka.

Ine m'masewerawo ndinali agogo, ndinakhala pamkeka nkufunsa mokweza kuti ana inu, fisi uja kodi lero wadya? Wina anati fisi sadya ndi anthu. Ndinati eee zoona, koma nanga akubwera kudzaba chifukwa chani? Panali chete, kenako kamnyamata kena kanati chifukwa ali ndi njala, ana akenso ali ndi njala. Basi ana okha anayamba kukambirana, mapeto ake anagwirizana kuti azisiyako mkute pa chivundikiro panja kuti fisi asamabe. Ine sindinawauze zimenezo. Titamaliza kamtsikana kaja kanabwera pafupi nkunena kuti anti, ukakhala fisi sukhala ndi mnzako. Sindikunena kuti anasanduka mwana wina tsiku lomwelo ayi, kulamulira anapitiriza, ndi khalidwe lake ndipo lidzamuthandiza akadzakula, koma kuyambira pamenepo akamagawa maudindo fisi amakhala awiri, ankati kuti azicheza.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya kamnyamata kena ka zaka zitatu ndi theka kamene kankaluma anzake. Kuluma kwenikweni mpaka mano kudinda pamkono, makolo ena anafika pofuna kuti mwanayo achotsedwe. Kumukhazika pakona sizinkathandiza, akachokapo ankabwera ndi ukali wambiri. Nthawi imeneyo tinali ndi masewera a kusikelo amene ana amawakonda chifukwa onse amapitako ndi amayi awo, tinamanga chingwe panthambi ya mtengo nkupachika kathumba kuti ndi sikelo, cholembera chotha inki ndi jakisoni, zidutswa za katoni ndi mabuku a kuchipatala, zidole ndi zitsononkho zokulunga m'tinsalu. Iye ankafuna kukhala dokotala nthawi zonse koma cholinga chinali kubaya mwamphamvu. Anthu ena akanati mwana ameneyu asapatsidwe jakisoni. Ine ndinamusiya akhale dokotala, koma ndinalowa pamzere ngati mayi, nditabereka chitsononkho changa kumbuyo.

Itafika nthawi yanga ndinagwada pang'ono nkunena kuti adokotala, mwana wangayu akuopa jakisoni, usiku wonse sanagone, nanga titani? Anaima cholembera chili m'mwamba. Anati asalire. Ndinaliritsa chidole chija pang'onopang'ono nkunena kuti akulirabe adokotala, kodi inuyo akakubayani amayi anu amakutani? Anaganiza ndithu, nkunena kuti amandinyamula, amandigulira mandazi. Ndinati nde tingomuyesa zomwezo. Anatola kamwala nkukapereka kwa chitsononkho kuti ndi mandazi, kenako anabaya pang'onopang'ono kwambiri, nkupukuta pamalopo ndi chala. Tinabwereza masewerawa masiku ambiri, pena wodwala anali mnzake weniweni. Kuluma sikunathe msanga, koma tsiku lina atalumanso mnzake, m'malo mokuwa ndinatonthoza wolumidwayo kaye, ndinamuuza iye mwachidule kuti kuluma ayi, kumapweteka, kenako ndinagwiritsa mawu omwe aja a kusikelo, adokotala tili ndi wodwala kuno, mkono ukumupweteka. Anathamanga kukatunga madzi m'kapu, anabwera kudzathira pamkono pa mnzakeyo, akuyang'ana nkhope yake kuti aone ngati wasiya kulira. Kuyang'ana nkhope ya mnzake kumeneko ndi kumene ndinkafuna, chifukwa poyamba sankayang'ana nkomwe. Pang'onopang'ono kuluma kunayamba kuchepa mpaka kunatha, zinathandizanso kuti mawu ake anachuluka, anayamba kutha kunena kuti ndipatse m'malo mogwiritsa mano.

Kumaphunziro a alezi tinamvako za Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia amene mu 1933 anakamba za masewera a ana. Iye ankati pamasewera mwana amachita zinthu zoposa msinkhu wake, zimene pa moyo wa tsiku ndi tsiku sangathe. Anapereka chitsanzo cha atsikana awiri apachibale, wa zaka zisanu ndi wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene anagwirizana kuti tiyeni tisewere kuti ndife pachibale. Tsiku lililonse ndi apachibale osaganizirako, koma pamasewera anayamba kuganiza kuti kodi mchemwali amayenera kuchita chani kwa mng'ono wake, kugwirana manja, kugawana, kuyenda limodzi. Ndi zimene ndinaona pa kamnyamata kaja. Monga iye mwini sakanatha kuleza mtima, koma monga adokotala ankatha, chifukwa akudziwa kuti dokotala amathandiza, ndipo akufuna kukhala dokotala weniweni.

Tsopano za mmene wamkulu angalowere, chifukwa apa mpamene zimasokonekera. Mukalowa ngati amayi kapena aphunzitsi basi masewera atha, ana ayamba kudikira inu kuti muwauze zochita. Tengani udindo waung'ono, wa munthu wofuna thandizo, mlendo amene wasochera, agogo osamva bwino, kasitomala amene ndalama yamuthera, mwana watsopano pasukulu. Bweretsani vuto limodzi lokha kenako khalani chete. Kukhala chete nkovuta kwa ife akuluakulu, timafuna kuyankha tokha, koma mwana amafunika nthawi kuti aganize. Ndipo musaimitse masewera kuti mulalikire, zija zoti mwaona ana inu, tiyenera kukondana. Mukatero nkhope zawo zimasintha, ayamba kuyang'ana kwina. Chilichonse mukufuna kunena chinenereni mkati mwa masewera momwemo ndi mawu a munthu amene mwakhalayo.

Ana athu amakonda masewera a minibasi, kundandalika timipando, wina dalaivala atagwira chivundikiro cha ndowa, wina kondakitala akukuwa Limbe Limbe wotsala mmodzi, ndalama ndi masamba a mango. Ine ndimakwera ngati agogo, kondakitala akafika ndimatulutsa tsamba limodzi pomwe akufuna awiri. Pafupifupi nthawi zonse kondakitala amati tsikani agogo, chifukwa ndi zimene amaona akakwera ndi amayi awo, ndipo sindimukalipira ayi, akusewera bwino udindo wake. Ndimatsika pang'onopang'ono, kukhala pambali nkudandaula ndekha kuti kaya ndikafika bwanji kuchipatala, miyendo ikupweteka, dzuwa nalo ili. Sipatenga nthawi, wina mwa okwera amatsika kudzandipatsa tsamba lake, kapena dalaivala amati asiyeni akwere ndi agogo anga. Nthawi ina kondakitala yemweyo anabwera nkunena kuti kwerani mudzalipira mawa. Ngati palibe amene wathandiza ndimangozisiya, tsiku lina tidzayesanso. Chifundo chokakamiza ndi pepa yemwe uja.

Chinanso ndi mawu. Ana ambiri amadziwa awiri okha, wakwiya ndi akulira. Nde pamasewera ndimalowetsa ena, chidolechi chili ndi manyazi chifukwa chakodzera pamkeka, uyu wachita nsanje poti mng'ono wake wagulidwa nsapato, uyu wasungulumwa, uyu akuchita mantha, uyu wakhumudwa poti anamulonjeza koma sanamutenge kumsika, uyu akunyadira. Mwana akakhala ndi dzina la chimene akumva amayamba kuchionanso mwa anzake. Ndinamvapo wa zaka zinayi akuuza anzake kuti musamuseke ali ndi manyazi, za mnzawo amene anadziipitsira, ndipo mawuwo anawatenga pa chidole chija.

Pali nkhani ya anyamata ndi zidole imene ndiyenera kuikamba poti imabwerabwera. Bambo wina anapeza mwana wake atabereka chitsononkho kumbuyo ndi kachitenje akutakasa mchenga m'chitini, nkhope inasintha. Anandiitanira pambali mwaulemu ndithu nkunena kuti anti, mwana wangayu ndi mwamuna, izi mukumuphunzitsa nzotani? Ndinawayankha kuti bambo, ndikumva nkhawa yanu, koma tandiuzeni, mayi akunyumba atagonekedwa kuchipatala wakhanda amanyamula ndani? Anati ndine. Ndinati nanga mukufuna mwana wanuyu akadzakula azidzaopa kunyamula mwana wake? Anaseka, anati koma chitenjecho. Tinagwirizana kuti chabwino azinyamula paphewa mmene iwo amanyamulira. Kwa ine zinalibe kanthu kaya kumbuyo kaya paphewa, bola mwanayo akutonthoza. Anyamata timawapatsa magalimoto a mawaya ndi mfuti za mitengo basi kenako tidzadabwa kuti bwanji sadziwa kusamala munthu. Nawonso atsikana asamangokhala ophika, akhale madalaivala, amfumu oweruza milandu, apolisi. Masewera a bwalo la amfumu ndi abwino kwambiri kwa a zaka zisanu, mbuzi ya uyu yadya chimanga cha uyu, amfumu amve mbali zonse ziwiri asanagamule, kenako odandaula ndi wodandaulidwa asinthane.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera ozungulira anataya miyoyo, ena nyumba, ambiri anakakhala m'misasa m'masukulu. Titatsegulanso mkombaphala, masewera a ana anasinthiratu. Ankamanga tinyumba ta mchenga nkuthira madzi akukuwa kuti thawani madzi akubwera, ankakumba timayenje nkuika zitsononkho, kuika timaluwa pamwamba, kuimba nyimbo za pamaliro, ena akudzigwetsa pansi mmene anaonera akuluakulu. Makolo ena ataona anachita mantha, anati awa ndi malodza, aletseni akuitana tsoka. Ndikumvetsa, kwathu kusewera maliro sichinthu chimene timachilandira. Koma ana aja anaona zinthu zazikulu zimene analibe mawu ozifotokozera, ndipo masewera ndi mmene ankazitulutsira. Tinakambirana ndi makolo ndi a komiti, ambiri anavomera kuti tisaletse koma tizikhala pafupi.

Chimene ndinkachita nkulowa ngati woyandikana nawo nyumba amene wabwera kudzathandiza. Ndinkafunsa kuti anamfedwa adya? Ndani akawatungire madzi? Amene nyumba yawo yagwa agona kuti lero? Pang'onopang'ono masewera anachoka pa kugwa kwa nyumba kupita pa kupulumutsana, ena akukumba kufuna anzawo, ena akuphika phala la kumsasa, ena akugawa mabulangete a masaka. Panali kamtsikana kamene kanataya agogo ake ndipo kanasiya kulankhula kwambiri, tsiku lina pamasewera omwewa anzake anakakhazika pakati nkukafunditsa chitenje, mmodzi nkukhala pambali pake atakagwira dzanja osanena kanthu, mmene amayi amachitira pasiwa. Palibe anawauza. Anangoona kwa akuluakulu kuti wofedwa sakhala yekha, ndipo anadziwa kuti pakati pawo wofedwa weniweni ndi uti. Koma ndinene apa, mwana amene akubwereza chinthu choopsa chomwecho masabata ambiri osasintha, akulota zoopsa, wayambanso kukodza pogona kapena wasiya kudya, ameneyo masewera okha sakwanira, mutengereni kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

Palinso kusewera kumene si chifundo koma kunyoza, ndipo tiyenera kusiyanitsa. Tinali ndi mwana wachibwibwi, ena anayamba kumutsanzira akuti tikusewera. Apa sindinalowe ngati agogo ayi, ndinaimitsa pomwepo, chifukwa munthu weniweni ali pompo akupwetekedwa. Lamulo lathu ndi loti timasewera kukhala dokotala, amayi, fisi, koma sitisewera kukhala mnzathu wa m'kalasi muno. Patapita masiku ndinabweretsa chidole chimene chimatenga nthawi kuti chimalize mawu, chikufuna kugula pa okala, ndipo funso linali loti wogulitsa wabwino amatani. Anagwirizana kuti amadikira, samumalizira mawu, samuseka. Tinayeserera kudikirako. Chimodzimodzi ndi ana achialubino kapena oyenda ndi ndodo, musalole kuti ulumali ukhale choseketsa, ndipo mwana wolumalayo asamangokhala wodwala pamasewera, akhale iyeyo dokotala kapena dalaivala.

Ndisakunamizeni kuti masanje ndi mankhwala a chilichonse. Mu 2013 Angeline Lillard wa ku University of Virginia ndi anzake anaunika kafukufuku wambiri wa masewera oyerekezera, nkupeza kuti umboni woti masewerawa paokha ndi amene amabweretsa luso lomvetsa anzako ndi wofooka kusiyana ndi mmene anthu ankanenera. Ine zimenezi sizinandidabwitse poganizira za fisi uja. Chimene chimagwira ntchito, mmene ndaonera ine, ndi masewera pamodzi ndi kucheza kumene kumachitika mkati mwake, komanso zimene mwana amaona kunyumba. Masanje amaonetsa poyera zimene mwana akukhala nazo. Mukamva mwana wanu akukalipira chidole kuti ndikuswa, chitsiru iwe, dziwani kuti mawuwo wawamva penapake. Ndimaona kuti mwana amene kwawo akalira amafunsidwa kuti chavuta nchani, nayenso amafunsa chidole chake chomwecho.

Kunyumba simufunika kugula kanthu. Zitini za mkaka, zitsekero, zitsononkho, dongo, masaka, chitenje chakale, foni yakufa, zakwana. Ndimaona kuti zidole zodula za m'sitolo zimene zimalira zokha ndi kuimba zokha zimachepetsa ntchito ya mwana, pomwe chitsononkho chimatha kukhala khanda m'mawa, madzulo nkukhala agogo. Nthawi nayo siyofunika yambiri, pamene mukudikira madzi a nsima awire mwana akabwera ndi kachitini kuti amayi tiyi uyu, landirani ndi manja awiri, imwani, nenani kuti zikomo koma watentha, kapena kuti mlendo wanga uyu samwa tiyi wa shuga, nanga timupatse chani? Funso lomalizali ndi labwino kwambiri chifukwa likumuphunzitsa kuti wina akhoza kusakonda chimene iye amakonda. Za foni ndingonena kuti makatuni sindiwada, koma mwana akakhala pa foni masana onse nthawi yosewera ndi anzake imatha, ndipo pa foni palibe amene amalira akamulanda chinthu. Akaonera, mufunseni kuti tiyeni tisewere zomwe waonazo, iwe ukhale uja anamusiya yekha uja. Ngati muli ndi ana angapo, kapena a neba amabwera, onetsetsani amene nthawi zonse amakhala galu kapena wantchito, musinthe.

Chomaliza ndi cholemera koma alezi ndi makolo tiyenera kuchidziwa. Pamasewera mwana amatha kuonetsa zimene akuchitiridwa zomwe sanganene pakamwa. Kumenya chidole kamodzikamodzi nkwachibadwa, koma mukaona mwana akubwereza kumanga chidole, kuchiwotcha manja, kapena kuchita ndi zidole kapena ndi anzake zinthu za kuchipinda zimene msinkhu wake sayenera kudziwa, musamukalipire ndipo musamupanikize ndi mafunso, mukatero amatseka pakamwa. Funsani modekha kamodzi kuti chidolechi chikuchitiridwa chani, ndani akuchita, mverani, mukapeza mpata lembani mawu ake mmene wanenera ndi tsiku lake. Musapite nokha kukakumana ndi munthu amene mukumuganizira. Kauzeni wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, kapena a Victim Support Unit ku polisi, komanso mukhoza kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana kuno ku Malawi, akuuzani poyambira.